Mphindi Zisanu Zoyamba: Kulemba Chiyambi cha Phunziro la Chingerezi ku Pulayimale

Mphunzitsi aliyense wa ku pulayimale m'Malawi muno amalidziwa kope la lesoni pulani, kapena kuti chikonzero cha phunziro, lija limalembedwa madzulo kapena m'mamawa kuti ahedi asayine belu lisanalire. M'kopemo muli kachigawo ka mizere itatu kapena inayi komwe ambiri amakalemba mothamanga, ndipo kachigawoko ndi chiyambi. Komatu pa phunziro la Chingerezi, chiyankhulo chomwe ana athu ambiri amayamba kuchimva pasukulu, mizere imeneyi ndiyo imagamula ngati ana ayendere limodzi ndi mphunzitsi kapena atsalire m'mbuyo mpaka piriyodi kutha. Mafunso otsatirawa ndi amene amamveka kawirikawiri kwa omwe ali m'makoleji a uphunzitsi, kwa omwe akuyeserera ntchito m'sukulu, ngakhalenso kwa akale pantchito akakumana ku malo osulira aphunzitsi a TDC.

Kodi chiyambi cha phunziro n'chiyani kwenikweni, ndipo chimakhala pati m'chikonzero?

Chikonzero chomwe chimaphunzitsidwa m'makoleji athu chili ndi mbali zodziwika. Pamwamba pamalembedwa kalasi, tsiku, nthawi, luso lomwe likuphunzitsidwa, mutu, zizindikiro za kakhonzedwe ndi zipangizo. Kenako tsamba limagawidwa pawiri, uku zochita mphunzitsi, uku zochita ophunzira, ndipo m'menemo mumatsatana chiyambi, masitepe a phunziro ndi mathero. Pansi penipeni mphunzitsi amalemba ndamanga akatuluka m'kalasi. Kalembedwe kameneka kanazika mizu ndi silabasi ya PCAR yomwe inayamba kulowa m'sukulu mu 2007, yomwe imafuna kuti tiyambe taganizira zomwe mwana adzathe kuchita phunziro likatha. Chiyambi tsono ndi ntchito yoyamba yomwe ana amagwira paulendo wokafika pamenepo. Chili ndi zolinga zitatu: kudzutsa zomwe ana akudziwa kale zimene phunziro la lero litsamirepo, kuwatcheretsa khutu ndi kuwatsegula pakamwa, ndi kuwauza chomwe akhale akutha kuchita pofika kumapeto. Wophika nsima sathira ufa wonse m'madzi ozizira. Amayamba ndi phala kuti ufa wotsatirawo upeze pogwira. Mawu atsopano a Chingerezi nawonso amafuna pogwira m'mutu mwa mwana.

Si kupereka moni ndi kulemba mutu pa bolodi basi?

Ayi. Moni ndi ulemu, ndipo ku Sitandade 1 moni womwewo ukhoza kukhala phunziro lonse la tsikulo. Koma mwana wa Sitandade 5 yemwe wakhala akuyankha kuti "We are fine, thank you" m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi saganizanso akamayankha, pakamwa pamangoyenda pokha. Kulemba mutu pa bolodi n'kofunika kuti makope a ana akhale adongosolo, koma mawu akuti "Prepositions" olembedwa ndi choko sauza mwana kanthu ngati sanaone ntchito yake. Moni, kuitana mayina, kufufuta bolodi ndi kugawa mabuku, zonsezi ndi zokonzekera chabe. Chiyambi chimayamba pomwe mwana wapemphedwa kukumbukira, kuona, kumvetsera kapena kunena chinthu chokhudza phunziro la lero. Mukafuna kudziyesa, tengani chiyambi chomwe mwalemba n'kuchiika pamwamba pa phunziro lina, kaya la mawa kaya la sabata yatha. Ngati chikukwanira paliponse osasintha liwu, ndiye kuti sichinalembedwere phunziro la lero.

Chiyambi chitenge mphindi zingati?

Piriyodi ya ku pulayimale ndi ya mphindi 30 kapena 35, choncho mphindi zitatu mpaka zisanu n'zokwanira. Chiyambi chikatalika, nthawi yomwe imadyedwa ndi ya kumapeto, pomwe ana amayenera kuyeserera okha, kuwerenga okha ndi kulemba okha, ndipo m'pomwe chiyankhulo chimakhazikika. Nthawi imatayika mwanjira yodziwika: mphunzitsi afunsa funso la dzulo, mwana alephera, wachiwiri alephera, mphunzitsi ayamba kuphunzitsanso za dzulo, podzidzimuka mphindi 15 zapita ndipo phunziro la lero silinayambe. Podziteteza, lembani mphindi m'mphepete mwa chikonzero, sankhani ntchito imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo lembanitu kuti mufunsa mafunso angati. Chiyambi chofupikitsitsa nachonso chili ndi vuto lake. Ana omwe angotuluka kumene m'phunziro la masamu, kapena angobwera kolandira phala, makutu awo sanakonzekere Chingerezi, ndipo masekondi makumi awiri sangawakwanire.

Ndikakhala pansi kuti ndilembe, ndiyambire pati?

Yambirani kumapeto. Ngakhale chiyambi chili pamwamba pa tsamba, chimalembeka bwino masitepe ndi mathero zikadziwika. Werengani kaye zizindikiro za kakhonzedwe, kenako dzifunseni kuti mwana ayenera kukhala ndi chiyani m'mutu kuti sitepe yoyamba aikwanitse. Yankho la funso limenelo ndilo chiyambi chanu. Ngati ana alemba ziganizo zonena zomwe zinachitika kale, ayenera kukumbukira aneni angapo omwe amawadziwa. Ngati awerenga nkhani ya kumsika, ayenera kukhala ndi mawu ochepa a kugula ndi kugulitsa. Ngati aphunzira liwu latsopano la lembo, ayenera kumva liwulo m'mawu omwe amawadziwa asanalione pa bolodi. Katswiri wa maphunziro wa ku America David Ausubel anatsindika mu 1968 kuti chomwe chimalamulira kwambiri zimene munthu angaphunzire ndi zomwe akudziwa kale, choncho mphunzitsi ayambe wafufuza zimenezo. Onaninso luso la tsikulo. Silabasi yathu ya Chingerezi ili ndi maluso a kumva, kuyankhula, kuwerenga, kulemba, kuganiza mozama ndi kusanja chiyankhulo. Phunziro la kumva liyambe ndi khutu, la kuyankhula liyambe ndi pakamwa. Kuyamba phunziro la kuyankhula ndi kukopera manotsi n'kutseka pakamwa pomwe mukufuna kutsegula.

Chiyambi cholembedwa bwino chimaoneka bwanji papepala?

Titenge Sitandade 3. Chizindikiro cha kakhonzedwe chikuti ophunzira athe kunena pomwe chinthu chili pogwiritsa ntchito "in", "on" ndi "under". Kuti afike pamenepo ayenera kudziwa mayina a zinthu zomwe zigwiritsidwe ntchito. Mbali ya mphunzitsi ilembedwe motere: aonetsa chitini, mwala ndi buku chimodzichimodzi n'kufunsa kuti "What is this?"; auza ana afunsane awiriawiri funso lomwelo poloza zinthu zomwe ali nazo; aponya mwala m'chitini ana akuona n'kufunsa kuti "Where is the stone?", alandira mayankho atatu, awauza kuti lero aphunzira kunena pomwe chinthu chili. Mbali ya ophunzira ilembedwe moyang'anizana: kutchula zinthu monga "It is a tin", kufunsana awiriawiri, kuyesa kuyankha funso latsopano, kumvetsera cholinga. M'mphepete mulembe mphindi zinayi.

Onani zomwe zili m'menemu. Mafunso alembedwa monga momwe anenedwere, yankho loyembekezeka lilipo, zipangizo zatchulidwa, mwana aliyense wayankhulapo, ndipo funso lomaliza lasiya ana akufunafuna mawu omwe alibe. Yerekezani ndi chiyambi chofala chija chongoti mphunzitsi afunsa mafunso a phunziro lapita, ophunzira ayankha. Mafunso ake ati? Angati? Afunsidwa ndani? Inu mutadwala, mnzanu n'kutenga kope lanu, angachite nawo chiyani mzere umenewo? Palinso phindu lina. Chikonzero cha Chingerezi chimalembedwa m'Chingerezi, ndipo kulemberatu mafunso kumapatsa mphunzitsi mpata wowongola chiyankhulo chake ali yekha, asanaime pamaso pa ana omwe atengere chilichonse chotuluka m'kamwa mwake.

Kodi chiyambi chiyenera kukhala kubwereza za dzulo nthawi zonse?

Kubwereza n'kwabwino kwambiri. Barak Rosenshine, yemwe anasonkhanitsa zomwe aphunzitsi ochita bwino amachita, anaika kuyamba ndi kubwereza mwachidule ngati mfundo yoyamba pa mfundo khumi zomwe anafalitsa mu 2012. Koma chobwerezedwacho chikhale chomwe phunziro la lero likufuna, kaya chinaphunzitsidwa dzulo, kaya temu yatha, kaya ana anachitenga kunyumba. Ngati dzulo munaphunzitsa kalembedwe ka kalata ndipo lero mukuwerenga nkhani ya usodzi, za dzulo sizithandiza. Mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amadziwa bwato, ukonde ndi usipa kuposa buku, ndipo chiyambi chabwino chimatenga chuma chimenecho n'kuchipatsa mawu a Chingerezi. Samalaninso ndi funso lofala lakuti "What did we learn yesterday?" Mwana mmodzi wakutsogolo amakuwa kuti "Verbs!", mphunzitsi n'kuti muwombereni m'manja, koma palibe yemwe waonetsa kuti angagwiritse ntchito mneni. Funso lopindulitsa ndi lomwe limawachititsa chinthucho: "Tell your friend two things you did this morning." Wokumbukira akhale mwana. Mphunzitsi akamafotokoza yekha zomwe anaphunzitsa dzulo, wobwereza ndi iyeyo, ana akungoonerera.

Ana amakonda nyimbo. Kodi nyimbo payokha ingakhale chiyambi?

Ingakhale, ngati mawu ake ndi omwe phunziro likufuna. Nyimbo yotchula ziwalo za thupi ndi yoyenera tsiku lophunzira ziwalo, yotchula masiku a sabata ndi yoyenera tsiku lophunzira nthawi. Nyimbo imathandiza mwana kumva kayendedwe ka Chingerezi, pomwe liwu limakwera ndi pomwe limatsika, ndipo wamanyazi amabisala m'gulu n'kuyesako. Koma pali msampha. Ana amatha kuimba nyimbo zaka zitatu osadziwa tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe, ndipo mphunzitsi amanyengeka ndi phokoso lokoma. Choncho m'chikonzero musangolemba kuti ana aimba. Lembani dzina la nyimbo, mawu omwe mutolemo, ndi chomwe muchite nawo ikatha. Mwachitsanzo, nyimbo ya ziwalo ikatha, ikani manja anu kumbuyo n'kunena kuti "Touch your knees", kenako "Touch your ears", mosatsata ndondomeko ya nyimbo. Pomwepo muona omwe akumva ndi omwe akuyang'ana anzawo. Njira yolamula ana kuchita ndi thupi zomwe amva inatchuka ndi James Asher m'zaka za m'ma 1960, ndipo imayenera makalasi athu chifukwa sifuna chipangizo chilichonse. Nyimbo yongodzutsira ana omwe ayamba kusinza ili ndi malo ake, koma imeneyo ndi yoyendetsera kalasi, si chiyambi.

Kodi ndingagwiritse ntchito Chichewa kapena chiyankhulo china cha ana pa chiyambi?

Aphunzitsi ambiri amaopa zimenezi. Ena anakulira m'sukulu zomwe ankalanga woyankhula chiyankhulo chakwawo, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limatchula Chingerezi ngati chiyankhulo chophunzitsira. N'zoona kuti m'makalasi oyambirira piriyodi ya Chingerezi ndi nthawi yokhayo yomwe ana ambiri amamva Chingerezi tsiku lonse, choncho iyenera kudzaza ndi Chingerezi. Koma cholinga cha chiyambi n'chakuti mwana adziwe komwe akupita. Ngati chiganizo chimodzi cha Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilhomwe chingamveketse cholingacho m'masekondi asanu, n'kwabwino kuchinena kusiyana n'kuti kalasi yonse ikhale kakasi kwa theka la ola. Tsatani ndondomeko iyi: yambani ndi chinthu chenicheni, chithunzi kapena kuchita ndi thupi, zikakanika, nenani mwachidule m'chiyankhulo cha ana, kenako bwererani ku Chingerezi. Chopewa n'kumasulira chiganizo chilichonse. Ana ndi ochenjera, akazindikira kuti Chichewa chikubwera pambuyo amasiya kumvetsera Chingerezi n'kumangodikira. Mwana akayankha m'chiyankhulo chake, musamukalipire, chifukwa waonetsa kuti funso walimva. Landirani yankholo, mupatseni mawu a Chingerezi, anene yekha. Kumbukiraninso kuti kwa mwana wa ku Rumphi kapena ku Machinga, Chichewa nachonso chikhoza kukhala chachilendo, ndipo Chingerezi n'chachitatu.

Buku la mphunzitsi lili kale ndi zonse. Ndilemberenji chiyambi changa?

Kuyambira mu 2016 ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga ya NRP inabweretsa mabuku a mphunzitsi a makalasi oyambirira omwe amalongosola phunziro sitepe ndi sitepe: mphunzitsi aonetsa, mphunzitsi ndi ana achitira limodzi, kenako ana achita okha. Kayendedwe kameneka, komwe David Pearson ndi Margaret Gallagher anakalongosola mu 1983, n'kothandiza ndipo n'koyenera kukatsata. Koma bukulo linalembedwera dziko lonse, pomwe inu muli ndi kalasi imodzi. Buku silidziwa kuti dzulo theka la ana linajomba chifukwa cha mvula, kuti mabuku a ana ndi khumi okha, kapena kuti chithunzi cha sitima ya pamtunda n'chachilendo kwa ana omwe sanaionepo. Ntchito yanu n'kuwerenga chiyambi cha m'buku dzulo lake, kuona chomwe chikufuna kukwaniritsa, kusonkhanitsa zipangizo, ndi kusintha chitsanzo pomwe sichikugwirizana ndi ana anu, cholinga osachisintha. Mphunzitsi yemwe akuona chiyambicho koyamba ali kale pamaso pa ana maso ake amakhala m'buku, ndipo ana amadziwa. Zimenezi zikukhudzanso akale pantchito. Zaka zimapereka luso, koma zimaperekanso chizolowezi choyamba phunziro lililonse mofanana. Ahedi kapena alangizi a zamaphunziro (PEA) akamayang'ana kope, chofunika kuona n'chakuti chiyambi chikulumikizana ndi zizindikiro za kakhonzedwe ndi sitepe yoyamba, ndipo kulumikizana kumeneko kumaoneka pokhapokha munthu atalemba ataganiza.

Kalasi yanga ili ndi ana oposa 100 ndipo zipangizo palibe. Zimenezi zingatheke?

Vutoli ndi lenileni ndipo ndi lakale. Maphunziro aulere a ku pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero makalasi oyambirira ndi odzaza. Koma m'kalasi yotere m'momwe chiyambi cholembedwa bwino chimafunika kwambiri, chifukwa ana 100 akatayika pa mphindi yoyamba n'kovuta kuwabweza. Njira yofunsa mmodzimmodzi imafikira ana atatu kapena anayi, ena onse ali duu. Lembani ntchito zomwe onse achita nthawi imodzi: kuuzana awiriawiri, kukweza chala chimodzi kapena ziwiri posankha yankho, kuimirira akamva liwu lomwe mwawauza, kulemba lembo m'malere kapena pansi. Pa zipangizo, njira ya TALULAR yomwe bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi lakhala likulimbikitsa ikutikumbutsa kuti zophunzitsira zili pafupi: chitini, chisononkho, tsamba la mango, katoni yodula makadi a mawu, kalendala yakale, chipewa, ngakhale ana eniakewo. Phunziro lofananitsa kutalika silifuna tchati ngati ana awiri angaime kutsogolo. Chinthu choonetsa chikhale chachikulu kuti wakumbuyo achione. Ngati mukuphunzitsira pansi pa mtengo pomwe mawu amauluka ndi mphepo, lembani kuti muima pakati pa ana. Yemwe samva bwino kapena saona bwino akhale pafupi nanu phunziro lisanayambe, aone nkhope yanu mukamayankhula, agwire chinthucho ndi manja ake.

Kodi chiyambi cha Sitandade 1 ndi cha Sitandade 8 chimasiyana bwanji?

Zolinga ndi zomwezo, ntchito ndiye zimasiyana. Ku Sitandade 1 ndi 2 Chingerezi chimalowera kukhutu n'kutulukira pakamwa, choncho chiyambi chikhale cha zinthu zogwirika, kulamula ndi kuchita, ndi kumva maliwu. Ku Sitandade 3 ndi 4 ana ayamba kuwerenga nkhani, ndipo chiyambi chabwino chimawaonetsa chithunzi ndi mutu wa nkhani kuti alosere zomwe zichitike, ndi kuwapatsa mawu awiri kapena atatu omwe popanda iwo nkhaniyo singamveke. Sitandade 5 ndi pokhota, chifukwa kuyambira pamenepa mabuku a maphunziro ena onse kupatula Chichewa ali m'Chingerezi, ndipo chiyambi chikhoza kubwereka mawu omwe ana akumana nawo ku sayansi kapena ku ulimi. Ku Sitandade 7 ndi 8 mayeso a MANEB amakoka mphunzitsi kuti ayambe ndi matanthauzo oloweza, monga "What is an adverb?" Mwana akhoza kuloweza tanthauzolo koma osatha kulemba chiganizo. M'malo mwake lembani ziganizo ziwiri pa bolodi, "The girl walked" ndi "The girl walked slowly", ana akambirane awiriawiri chomwe chasintha. Dzina la galamala libwere atachiona chinthucho. Ana akuluakuluwa amachitanso manyazi ndi zachibwana, choncho apatseni chiyambi chowalemekeza: funso lotsutsana, chiganizo cholakwika choti akonze, kapena nkhani yomwe amva pa wailesi.

Mwana akalakwitsa pa chiyambi, ndimukonze pomwepo?

Mukonzeni mofatsa ndi mwachidule, pobwereza zomwe wanena m'njira yolondola, kenako pitirirani. Mwana akati "She go to market", inu nenani kuti "Yes, she goes to the market", anenenso kamodzi, basi. Mwana woyamba kukweza dzanja akachititsidwa manyazi, manja ena onse amatsika mpaka piriyodi kutha, makamaka a atsikana omwe akusinkhuka. Zolakwa zambiri zimadziwikiratu chifukwa zimachokera ku chiyankhulo cha mwana. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, choncho "ship" ndi "sheep" zimamveka chimodzimodzi. Kusinthanitsa l ndi r sikusintha tanthauzo m'Chichewa, n'chifukwa chake "light" ndi "right" zimasokonekera. Maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, ndiye mwana amawonjezera liwu kumapeto kwa "book" kapena "cup". Liwu lakuti iye limaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo "he" ndi "she" zimasinthana malo. Zimenezi si umbuli, ndi khutu lomwe linaphunzira bwino chiyankhulo choyamba. Mphunzitsi wodziwa izi amazilowetsa m'chikonzero. Ngati nkhani ya lero ili ndi mnyamata ndi mtsikana, chiyambi chikhoza kukhala kuimika ana awiri kutsogolo, anzawo n'kumaloza woyenera akamva "he" kapena "she".

Ndingadziwe bwanji kuti chiyambi chagwira? Ndikafunsa, onse amayankha kuti "Yes".

Yankho la onse pamodzi limasangalatsa khutu koma silinena zoona. "Are we together?" ali ndi yankho limodzi lokha lomwe mwana waulemu angapereke. Umboni weniweni ndi zomwe ana akuchita. Pomwe akuuzana awiriawiri, yendani mumvetsere mapeya atatu kapena anayi, wina wakumbuyo, wina wapakati, wina wa ana omwe mukudziwa kuti amavutika. Posankha woyankha musamangotenga okweza manja, ndipo sinthanitsani anyamata ndi atsikana. Dikiraninso. Kafukufuku wa Mary Budd Rowe wa m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo mayankho amatalika, ana ambiri n'kuyesako. Mwana wathu akufunika nthawi yoposa pamenepo, chifukwa ayenera kumva funso, kupeza yankho, kenako kulisakira mawu m'chiyankhulo chachilendo. Kalasi ikati zii kwa masekondi asanu sindiye kuti phunziro lafa, ana akuganiza. Chizindikiro chomaliza chimaoneka pa sitepe yoyamba. Ngati ana ailowa osafunika kuwafotokozeranso zonse, chiyambi chagwira ntchito yake.

Nanga chiyambi chikaonetsa kuti ana sanakonzeke, pomwe sikimu ikundithamangitsa?

Limeneli ndiye funso lovuta, ndipo mphunzitsi aliyense amakumana nalo. Choyamba, musachione ngati kulephera. Chiyambi chomwe chaulula pa mphindi yachitatu kuti ana sakudziwa mayina a zinthu chakupulumutsani ku mphindi 30 zoyankhula nokha. Kenako yezani kukula kwa chomwe chikusowa. Ngati ndi mawu awiri kapena atatu omwe aiwalika, aphunzitseninso mwachangu, mufupikitse sitepe ina, mupitirire. Ngati ndi ana ochepa omwe atsalira, pitirirani ndi kalasi, koma akhazikeni ndi anzawo omwe akutha ndipo muwafikire nthawi yomwe ena akulemba. Ngati ndi kalasi yonse ndipo chosowacho ndi maziko a phunziro la lero, phunzitsani mazikowo lero, mulembe zoona mu ndamanga ndi m'sikimu, ndipo mukambirane ndi ahedi kapena mkulu wa sekishoni momwe mungapezere nthawi. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba mzere umodzi pansi pa chiyambi wonena chomwe muchite ana akalephera, kuti chisankhocho chisakupezeni muli chiimire. Sikimu imawerenga mitu yomwe yaphunzitsidwa, koma Chingerezi chimamangidwa chimodzi pamwamba pa chinzake, ndipo mutu womwe wadutsidwa ana osaumva umadzabweranso ku Sitandade 5 pomwe mwana akulephera kuwerenga buku la sayansi, ndi ku Fomu 4 pomwe satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa yemwe walephera Chingerezi. Ndamanga ya lero ikhale yoona ndi yachindunji, yotchula mawu omwe anavuta ndi ana angati omwe anatsalira, chifukwa m'menemo ndimo muchokere chiyambi cha mawa.